Liwiro Lomvera Nyengo

Kuseri kwa fakitale, kumene alendo sapita ndipo abwana amafikako pokhapokha zinthu zikavuta, kumaima chibokosi chachikulu chonyowa m'mbali, chokhala ndi fani yotambalala pamwamba pake. Amisiri amachitcha cooling tower, ndiye kuti nsanja yoziziritsira madzi. Munthu akaima pafupi amamva madzi akuwirima ngati mvumbi pa denga la malata, ndipo pamwamba pa mkokomowo pamamveka kulira kwa mota. Madzi amene atentha pogwira ntchito m'makina amakwezedwa ndi pampu, amawazidwa pa timapepala ta pulasitiki topindapinda tosanjidwa m'katimo, n'kumatsetsereka kulowera pansi pomwe fani ikukoka mpweya kuti udutse pakati pa madonthowo. Pofika m'chibeseni cha pansi amakhala atazizira, ndipo amabwereranso kukasenza kutentha kwina. Nsanja zotere, pamodzi ndi zinzake zimene zimaziziritsa mapaipi a amoniya, zimapezeka m'mafakitale a zakumwa, a mkaka, a pulasitiki, m'mosungira nyama ndi nsomba, m'zipatala zikuluzikulu ndi m'mahotela. Funso langa ndi lokhudza faniyo: izizungulira pa liwiro lanji? M'malo ambiri yankho linaperekedwa kamodzi kokha, tsiku limene nsanjayo inamangidwa, ndipo kuyambira pamenepo faniyo imathamanga mofanana usana ndi usiku, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Ndikukhulupirira kuti uku n'kutaya magetsi ndi kukalambitsa makina popanda chifukwa. Liwiro la fani liyenera kumvera nyengo ndi kukula kwa ntchito imene ilipo pa ola limenelo. Koma ndikhulupiriranso kuti chida chosinthira liwiro, chikagulidwa popanda munthu womvetsa chimene chikuyenera kumvera, chimasanduka bokosi lodula lopachikidwa pakhoma basi.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambire pa mtsuko. Aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko wadothi woikidwa pamthunzi amadziwa kuti amazizira kuposa a m'ndowa ya pulasitiki, ngakhale zonse ziwiri zili m'nyumba imodzi. Mtsuko umachita thukuta. Timadzi tochepa timadutsa m'timabowo ta dothi, n'kuuluka ngati nthunzi, ndipo pouluka timatenga kutentha kwa madzi otsala m'katimo. Madzi sasanduka nthunzi mwaulere, amalipira ndi kutentha kochuluka zedi. Kilogalamu imodzi ya madzi ikamauluka imachotsa makilojulo pafupifupi 2,400, pomwe kuziziritsa kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumangofuna kuchotsa makilojulo 4.2. Tikawerengera bwino, lita imodzi yokha ikauluka, malita 100 otsala amazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Nsanja ya kufakitale ndi mtsuko womwewo, kungoti wakulitsidwa ndipo wapatsidwa mphepo yakeyake. Ntchito ya fani ndi kuchotsa mpweya umene wakhuta nthunzi ndi kubweretsa wina wa ludzu, monga mmene mayi amauzirira phala la mwana kuti nthunzi ichoke pamwamba pa mbale. Apa pali mfundo imene anthu ambiri amaiphonya. Fani siziziritsa madzi. Chimene chimaziziritsa ndi kuuluka kwa madzi, ndipo kuulukako kumadalira ludzu la mpweya. Mpweya wouma umamwa nthunzi mwachangu, moti kamphepo kochepa kamakwanira. Mpweya wachinyezi umamwa mokakamizika, ndipo pamafunika wambiri kuti ntchito yomweyo itheke. Mayi amene wayanika zovala mu Okutobala amazianula zitauma dzuwa lisanafike paliwombo, koma mu Febuluwale zimatha kugonera pachingwe.

Akatswiri ali ndi njira yosavuta yoyezera ludzu limeneli. Amatenga choyezera kutentha, amakulunga kumutu kwake ndi kansalu konyowa, n'kuchipititsa pamphepo. Madzi a pakansalu akamauluka, choyezeracho chimatsika mpaka kuima pa nambala imene amaitcha wet-bulb. Nambala imeneyi ndi malire amene nsanja iliyonse singawadumphe. Fani ithamange bwanji, madzi sangazizire kuposa pamenepo, ndipo nsanja zambiri zimapangidwa kuti zizifika madigiri 3 mpaka 5 pamwamba pa malirewo. Zodabwitsa n'zakuti tsiku lotentha kwambiri silikhala lovutitsitsa nthawi zonse. Mpweya wa madigiri 35 wokhala ndi chinyezi cha 20 peresenti uli ndi wet-bulb ya madigiri pafupifupi 19, pomwe wa madigiri 28 wokhala ndi chinyezi cha 80 peresenti uli ndi wet-bulb ya madigiri pafupifupi 25. Kwa nsanja, masana a chithukuta cha m'dzinja ndi olemetsa kuposa dzuwa loswa mtengo la mu Okutobala. Tsono injiniya akamasankha kukula kwa nsanja ndi mota yake, amaganizira tsiku loipitsitsa: chinyezi chachuluka, kunja kwatentha, fakitale ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse. Amachita bwino kutero, pakuti tsikulo likafika makina sayenera kuima. Koma nyengo yotere imangotenga maola owerengeka mwa maola 8,760 a pachaka. Usiku wa mu Juni chiperoni chitazizira, Lamulungu pamene mzere umodzi wokha wa makina ukugwira ntchito, m'bandakucha wa tsiku lililonse, nsanja imakhala ndi mphamvu zoposa zimene zikufunika. Fani yothamanga liwiro lonse pa nthawi zoterezi ikutumikira tsiku limene kulibe.

Kutaya kumeneku kukanakhala kochepa mphamvu ya fani ikanamayenda limodzi ndi liwiro lake. Koma siziyenda choncho. Mpweya umene fani imakankha umatsika molingana ndi liwiro: theka la liwiro, theka la mpweya. Magetsi amene imadya amatsika mofulumira kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa amatsata liwirolo litachulukitsidwa lokha katatu. Chifukwa chake n'chomveka. Fani ikafulumira imakankha mpweya wambiri, ndipo mpweya wambiriwo umayeneranso kudutsa mothamanga m'njira yopapatiza yomweyo, pomwe kukana kwa njirayo kumakula kwambiri mpweya ukamathamanga. Tiyerekeze ndi mota ya makilowati 30. Pa liwiro lonse, tsiku lathunthu, imadya mayunitsi 720. Tikaitsitsa kufika pa 80 peresenti ya liwiro, imangofuna makilowati pafupifupi 15, ndiye kuti theka la magetsi lapulumuka pomwe mpweya wangochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Tikaitsitsa kufika pa theka la liwiro, masamu amati makilowati osakwana 4 akwanira. Malamulo amenewa, amene mainjiniya amawatcha fan laws, ndi akalekale ndipo palibe amene amawatsutsa. Amationetsa kuti kachigawo komaliza ka liwiro ndi kamene kamadula koposa. Bungwe la International Energy Agency linawerengera mu 2011 kuti makina oyendetsedwa ndi mamota amadya pakati pa 43 ndi 46 peresenti ya magetsi onse a dziko lapansi, ndipo mafani ndi mapampu ali ndi gawo lalikulu pamenepo. Choncho funso la liwiro la fani imodzi kuseri kwa fakitale imodzi likabwerezedwa m'mafakitale onse, limasanduka funso la madamu ndi malo opangira magetsi.

Nanga zinatheka bwanji kuti chinthu chodziwika chonchi chinyalanyazidwe kwa zaka zambiri? Yankho lili m'chibadwa cha motayo. Mota ya mtundu wa induction, imene Nikola Tesla ndi Mikhail Dolivo-Dobrovolsky anathandiza kuikhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndi yolimba, yotchipa ndiponso yosavuta kusamala, koma liwiro lake limalamulidwa ndi kagundidwe ka magetsi olowa. Kumene magetsi amagunda ka 50 pa sekondi, monga kuno kwathu ndi ku Ulaya, mota ya mapolo 4 imazungulira pang'ono kuchepera ka 1,500 pa mphindi, ndipo ku America, kumene amagunda ka 60, imayandikira ka 1,800. Mwini fakitale analibe chonena pa zimenezi. Njira imene inatsala inali kuyatsa ndi kuzimitsa: madzi akazizira fani izime, akatentha iyake. Njirayi imagwira, koma ili ndi mtengo wake. Mota yotere ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka ka 6 kapena ka 7 kuposa amene imadya ikamayenda bwinobwino, mawaya ake amatentha, lamba amalira n'kutsetsereka, mano a giyabokosi amamenyeka. N'chifukwa chake opanga nsanja amachenjeza kuti isadzutsidwe koposa maulendo 4 mpaka 6 pa ola. Komanso fani yoyaka theka la nthawi imadyabe theka la magetsi, pomwe yoyenda mosalekeza pa theka la liwiro imadya ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Ena anabweretsa mamota a maliwiro awiri, lathunthu ndi latheka, ena anaika kamota kakang'ono pambali pa yaikulu, ena anatseka njira ya mpweya ndi zitseko, zomwe zili ngati kuponda mafuta ndi mabuleki nthawi imodzi. Zonsezi zinali nzeru za anthu amene analibe njira yosinthira kagundidwe ka magetsi.

Njirayo tsopano ilipo, ndipo inafala kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980 pamene zipangizo zamphamvu zotchedwa IGBT zinayamba kupezeka. Chidachi chimatchedwa VFD, ndipo amisiri amangoti draivu. Chimalandira magetsi a pa waya, chimawasandutsa osagunda, kenako chimawadula mofulumira kwambiri kuti chipange kagundidwe katsopano kamene chafuna, kaya ka 20 pa sekondi, kaya ka 37, kaya ka 50. Choyezera kutentha choikidwa pa paipi yotulutsa madzi chimauza draivu mmene zinthu zilili, ndipo draivuyo imakweza kapena kutsitsa liwiro pang'onopang'ono mpaka madzi akhazikike pamene akufunika. Mota imadzuka mofatsa, popanda kugwedeza lamba kapena kuphethiritsa magetsi a fakitale yonse. Phokoso limachepa, zimene anthu okhala moyandikana ndi fakitale amazimva usiku. Phindu limakula kwambiri pamene nsanja ili ndi zipinda ziwiri kapena zingapo, chilichonse ndi fani yake. Kale anthu ankayatsa fani imodzi pa liwiro lonse, inzake ili chete, poganiza kuti akupulumutsa magetsi. Koma mafani awiri oyenda pa theka la liwiro amakankha mpweya wofanana ndi wa fani imodzi yothamanga, pomwe onse pamodzi akudya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi ake, ndiponso madzi amakhala atamwazika pa malo aakulu kawiri okumanirana ndi mpweya. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mwambiwo ukutsimikizidwa ndi mita ya magetsi. Chofunika kusamala n'chakuti chipinda chilichonse chilandire madzi okwanira kunyowetsa timapepala tonse, pakuti pouma pamamera mchere ndipo mpweya umathawira pomwepo.

Otsutsa alipo, ndipo mawu awo ndi oyenera kuwamva. Oyamba amati masamu a papepala amakokomeza. Izi zili ndi choonadi. Draivu nayo imadya magetsi, pafupifupi 2 kapena 3 peresenti ya amene amadutsa mwa iyo, moti fani yoyenda pa liwiro lonse kudzera mu draivu imadya ochulukirapo pang'ono kuposa yolumikizidwa mwachindunji. Mota ikamagwira ntchito yochepa kwambiri sigwiritsa bwino magetsi monga imachitira ikasenza katundu wake woyenera, ndipo lamba ndi giyabokosi zimadyabe gawo lawo. Kuziziritsa nakonso sikutsika ndendende molingana ndi mpweya. Choncho amene walonjeza mwini fakitale kuti bilu ya fani idzatsika ka 8 wanama, pokhapokha ngati nsanjayo ndi yaikulu mopitirira muyeso. Koma tiyeni tione mmene anthu osamala amawerengera. Muyezo wa ASHRAE 90.1, umene madera ambiri a ku America amautsata pomanga nyumba zikuluzikulu, umafuna kuti mafani a zida zoterezi, akafika kukula kwina kwake, asadye koposa 30 peresenti ya magetsi awo pamene akukankha theka la mpweya. Nambala ya 30 ili kutali ndi 12.5 imene masamu a papepala aja amapereka pa theka la liwiro, koma ili kutalinso kwambiri ndi 100 ya fani yosasinthika, ndipo ikadali pansi pa 50 ya fani yoyaka ndi kuzima. Ndikuvomera kuti pali malo amene draivu singabweze ndalama zake: kafani kakang'ono, kapena nsanja yoperewera imene imafunika liwiro lonse chaka chonse. Pamenepo vuto ndi kuchepa kwa nsanjayo, ndipo mankhwala ake ndi ena. Koma kumene ntchito imasintha ndi maola ndiponso nyengo imasintha ndi miyezi, umboni uli kumbali ya liwiro losinthika.

Achiwiri ndi amisiri amene anaonapo draivu ikubweretsa mavuto atsopano, ndipo iwowa amanena zimene anazigwira ndi manja. Walira mvula walira matope. Nsanja iliyonse ili ndi liwiro lina limene limagwirizana ndi kanjenjemeredwe ka zitsulo zake, ndipo fani ikakhazikika pamenepo chimango chonse chimayamba kugwedezeka, mabawuti amamasuka, mapiko a fani amatha kung'aluka. Fani ya liwiro limodzi imangodutsa pamalo oopsawo podzuka, pomwe ya draivu ikhoza kuchezerapo usiku wonse. Giyabokosi imene imadzithira mafuta yokha mwa kuwaza kwa mano ake imauma liwiro likatsika kwambiri, ndipo pa chifukwa chimenechi opanga ambiri amaletsa kutsika kupyola pafupifupi 25 peresenti ngati palibe pampu ya mafuta. Kudula magetsi mofulumira kumasiya timphamvu tosochera pa shafiti, timene timadumphira m'mabering'i n'kumawadya mpaka kusiya timizere tonga ta malata. Waya wautali wochokera ku draivu kufika pamwamba pa nsanja umakulitsa kugunda kwa magetsi mpaka kuboola zokutira mawaya a mota. Draivu imadetsanso magetsi a fakitale ndi zimene amazitcha harmonics, zomwe zimatenthetsa thiransifoma. Ngakhale mphepo ya kunja imatha kuzunguza fani yozima chammbuyo, draivu n'kudzidzimuka poidzutsa. Zonsezi n'zoona, koma chilichonse chili ndi mankhwala odziwika. Tsiku loyamba mmisiri ayendetse fani kuchokera pansi mpaka pamwamba, dzanja kapena choyezera chili pa chimango, aone pamene chikunjenjemera, auze draivu kuti izidumpha pamenepo. Aike malire a pansi. Asankhe mota yopangidwira draivu, aike mphete yotayira timphamvu ta pa shafiti ndi zosefera magetsi. Ntchito yonseyi ndi ya masiku ochepa. Mavuto amenewa amabwera draivu ikaikidwa mothamanga, ndipo akutiphunzitsa kuti iikidwe mosamala.

Kutsutsa kwachitatu ndiko kolemera koposa, ndipo kumatifikitsa pa mtima wa nkhaniyi. Nsanja sigwira ntchito payokha. Nthawi zambiri imatumikira kompuresa ya makina oziziritsa, ndipo kompuresayo imadya magetsi ochuluka kwambiri kuposa fani. Madzi a nsanja akafunda, kompuresa imavutika kutaya kutentha kwake, ndipo pa digiri iliyonse yowonjezereka imadya magetsi ena pafupifupi 2 kapena 3 peresenti. Tiyerekeze kuti fani yathu ya makilowati 30 ikutumikira kompuresa ya makilowati 300. Tikachepetsa liwiro n'kupulumutsa makilowati 15, koma madzi n'kufunda ndi madigiri 2, kompuresa ikhoza kumeza makilowati 12 mpaka 18 owonjezera. Tasunga ufa m'lichero pomwe thumba likutayika kuseri. Wotsutsa anganene kuti, pamenepa bwanji fani isangothamanga? Koma kulakwa kwa mbali inayo kulinso pomwepo. Munthu akauza draivu kuti madzi azikhala pa madigiri 22 pa tsiku limene wet-bulb ili pa 24, draivuyo imamvera mokhulupirika, imathamangitsa fani mpaka pamapeto tsiku lonse pofunafuna chinthu chosatheka, ndipo ndalama zogulira chidacho zapita pachabe. Zitsanzo ziwirizi zikuonetsa chinthu chimodzi. Draivu ilibe maganizo, imangothamangira nambala imene yapatsidwa. Nambala yabwino ndi imene imayenda ndi nyengo, madigiri angapo pamwamba pa wet-bulb ya ola limenelo, osatsika kupyola pamene kompuresa imalola, ndipo mlandu wake uweruzidwe pa mita ya fani ndi ya kompuresa pamodzi. Kutsutsa kumeneku sikugwetsa mfundo yanga. Kukuikhwimitsa, pakuti ndi fani ya liwiro losinthika yokha imene ingaime pamalo apakati pamene magetsi onse pamodzi ali ochepetsetsa. Fani ya liwiro limodzi ilibe mwayi wofunafuna malowo.

Kuno kwathu pamabwera kutsutsa kwina kumene mabuku a kunja sakutchula kawirikawiri. Magetsi amathima ndi kubwera mwadzidzidzi, mphezi za m'dzinja zimawotcha zipangizo, fumbi la m'chilimwe limatseka timabowo topumira, ndipo draivu ikapsa, ina imachokera kunja ndi ndalama zakunja zimene zimasowa. Mota wamba amaimanganso mawaya m'tauni momwemo, koma draivu yopsa kawirikawiri imangotayidwa. Mwini fakitale amene akuopa kuimitsa ntchito sabata zingapo chifukwa cha kabokosi kamodzi sakulakwa kuopa. Yankho lake ndi kukonzekera: chotetezera ku mphezi, kabati yotsekeka bwino yokhala ndi mpweya wake, switchi yolambalala draivu kuti fani iziyendabe tsiku la tsoka, ndi kugula mtundu umodzi wa draivu m'fakitale yonse kuti yosungira imodzi ikwanire paliponse. Ndipo mavuto a magetsi omwewo ndi amene akupereka chifukwa chachikulu chochitira zimenezi. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mafakitale ambiri anadalira majenereta a dizilo. Pa jenereta, yuniti iliyonse imadula kwambiri kuposa ya pa waya, ndipo mota yaikulu yodzuka mwaukali imatha kuigwetsa, pomwe yodzuka mofatsa imailola kupuma. Kilowati imene yapulumuka kuseri kwa fakitale sifuna damu latsopano kapena ngongole ya boma. Imangotsala pa waya, n'kukayatsa chigayo kapena chipinda chochiritsira kwinakwake. Dziko limene anthu ake ambiri sanalumikizidwebe ku magetsi silingakwanitse kuwataya pouzira madzi amene azizira kale.

Chatsala ndi munthu. Draivu imakhulupirira chilichonse chimene choyezera chanena, ndipo choyezera chikasokonekera ndi madigiri 2, fani imalakwitsa ndi mtima wonse kwa miyezi osadandaula. Madzi akamauluka amasiya mchere wawo m'mbuyo, ndipo ngati ena satayidwa nthawi ndi nthawi, mcherewo umamatirira pa timapepala ngati m'kati mwa ketulo yakale. Timabowo towazira madzi timatsekeka ndi ndere ndi matope. Nsanja yotere imafooka pang'onopang'ono, ndipo draivu imabisa kufookako mwa kukweza liwiro, mpaka tsiku lina anthu amazindikira kuti yakhala pa liwiro lonse kuyambira kalekale. Ukhondo wa nsanja ndi nkhani ya moyo wa anthu. Matenda a chibayo otchedwa Legionnaires, amene anadziwika mu 1976 atapha anthu amene anasonkhana pa hotela ina mumzinda wa Philadelphia, amafala kudzera m'timadontho ta madzi ofunda osasamalidwa, ndipo nsanja zoziziritsira ndi amodzi mwa malo amene tizilomboto timaswana. Palibe draivu imene ingatsuke chibeseni. Pali chizolowezi chinanso chimene chimapha phindu lonse mwakachetechete. Draivu ikazima kamodzi usiku, wogwira ntchito, poopa kudzudzulidwa, amatembenuzira switchi ku manual, fani n'kubwerera pa liwiro lonse, ndipo palibe amene amaibwezeranso. Sindingamunene munthu ameneyu, pakuti anateteza ntchito ya fakitale ndi nzeru zimene anapatsidwa. Wolakwa ndi amene anagula chida n'kuiwala kuphunzitsa wochigwira. Mmisiri amene wauzidwa chifukwa chake fani imafatsa usiku, amene amalemba m'kaundula liwiro, kutentha kwa madzi ndi wet-bulb pa shifiti iliyonse, amaona matenda a nsanja asanakule. Masukulu ophunzitsa ntchito zamanja akamaphunzitsa kulumikiza draivu, aziphunzitsanso za mtsuko ndi kansalu konyowa kaja, chifukwa mawaya okha sauza munthu nambala yoyenera.

Tinazolowera kuona makina olira mwamphamvu ngati chizindikiro chakuti ntchito ikuyenda, ndipo bwana woyendera fakitale akamva fani ikung'ung'udza chapansipansi amatha kukayika ngati zinthu zili bwino. Maganizo amenewa ndi amene akuyenera kusintha poyamba, draivu isanagulidwe n'komwe. Kuthamanga sikufika, ndipo pa nsanja yoziziritsira madzi mawuwa angayezedwe m'mayunitsi ndi m'makwacha. Ntchito ya nsanja ndi kupereka madzi a kutentha koyenera ndi magetsi ochepa mmene zingathekere, kuphatikizapo a kompuresa imene ikuitumikira, ndipo zimenezi zimafuna liwiro lina masana a mu Febuluwale, lina m'bandakucha wa mu Julayi. Amene akufuna kudziwa ngati fakitale inaganizapo za nkhaniyi safunika kutsegula kabati ya magetsi. Apite kuseri kuja maulendo awiri, masana a chinyezi ntchito ili pachimake, ndi usiku wozizira makina ambiri atazima, aime pafupi ndi nsanja, amvetsere. Ngati mota ikulira mofanana maulendo onse awiri, ndiye kuti ikumverabe lamulo la injiniya amene anachoka kalekale, loganizira tsiku limodzi loipitsitsa. Koma ngati usikuwo kulira kwa mota kwatsika mpaka mkokomo wa madzi n'kumamveka pamwamba pake, ndiye kuti m'fakitalemo muli munthu amene amayang'ana kumwamba ndi pa mita asanasankhe nambala.